Thirela Nayo Iziponda Buleki

    

Lero tikamba za pikapu yokoka thirela. Ndiyambe ndi funso. Munthu akagula pikapu, anzake amamufunsa chiyani? Amati, "Kodi imakoka bwanji? Imanyamula matumba angati? Pa chitunda imalira?" Mafunso abwino ndithu. Koma pali funso lina limene sitifunsa kawirikawiri. Katundu yense wakokedwayo, adzaima bwanji?

Adzaima bwanji? Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yathu.

Amene munakulira kumudzi mukuidziwa ngolo ya ng'ombe. Pokwera chitunda, ng'ombe zimakoka ngolo. Nanga potsika? Potsika, ngolo ndi imene imakankha ng'ombe. Goli limakwera mpaka kunyanga. Ng'ombe zimayamba kuthamanga zisakufuna. Ngoloyo ikakhala yodzaza chimanga, woyendetsa amatuluka thukuta ngakhale kukuzizira. Thirela imachita chimodzimodzi. Inu mukaponda buleki, pikapu imafuna kuima. Thirela siidziwa zimenezo. Iyo imangobwera ndi kulemera kwake konse, n'kumakankha kumbuyo.

Mabuleki a pikapu anawapangira pikapuyo ndi katundu wa m'bodi mwake. Mukawawonjezera thirela yolemera, mwawasenzetsa ntchito ya awiri. Pamalo athyathyathya, galimoto imakaima patali kuposa pamene mumayembekezera. Pamtsetse wautali, mabuleki amatentha. Amayamba kununkha. Kenako mumaponda, koma sakugwiranso. Amene munatsikapo Chiweta mukudziwa. Amene munatsikapo Golomoti kuchokera ku Dedza mukudziwa. Amene munatsetsereka kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa mukudziwanso. Misewu imeneyi ilibe chisoni ndi galimoto ya mabuleki otopa.

Ndiye mfundo yathu yaikulu ndi iyi: thirela yolemera iziima ndi mabuleki akeake. Ndibwereze. Thirela yolemera iziima ndi mabuleki akeake.

Koma ndani aponde mabuleki a thirela, poti dalaivala ali kutsogolo? Apa ndi pamene pamabwera kachipangizo kamene tikukamba lero. M'masitolo kamadziwika ndi dzina lakuti brake controller. Ndi kabokosi kakang'ono, kokwana m'dzanja. Kamakhala m'galimoto, pafupi ndi dalaivala. Ntchito yake ndi kutumiza magetsi ku mabuleki a thirela nthawi imene inu mwaponda buleki. Kamapimanso mlingo wa magetsiwo, kuti thirela igwire pang'ono kapena igwire kwambiri.

Kwawo kwenikweni kwa kabokosi aka ndi ku America, ku Canada ndi ku Australia. Kumeneko anthu amakoka nyumba zoyenda nazo, mathirela a mahatchi, a ng'ombe ndi a makina olimira. Mathirela awo ambiri ali ndi mabuleki a magetsi. Munthu wa pikapu kumeneko amakadziwa kabokosi aka monga mmene amadziwira jeke ndi sipanala. Kuno kwathu n'kosowa. Koma mathirela akulowa kuchokera kunja, ndipo katundu amene tikukoka akunka nalemera. Ndi bwino tikadziwe tisanataye ndalama, komanso tisanataye moyo.

Tiyeni tsopano tione funso loyamba, limene muyenera kuyankha musanapite kusitolo. Kodi thirela yanu ili ndi mabuleki a mtundu wanji?

Mayankho alipo atatu. Yankho loyamba: ilibe mabuleki. Mathirela ambiri owotcherera kuno ali choncho. Ekiselo, matayala awiri, bodi, basi. Thirela yotere, ngakhale mutagula kabokosi kodula bwanji, palibe chimene kangagwire. Kabokosi kamalamula mabuleki amene alipo kale. Sikabala mabuleki.

Yankho lachiwiri: ili ndi mabuleki odzigwira okha ikamakankha galimoto. Awa ndi ofala ku South Africa ndi ku Britain. Muwazindikira bwanji? Yang'anani kumphuno kwa thirela, pamene imalumikizana ndi galimoto. Muona chitsulo cholowa ndi kutuluka, nthawi zambiri chovekedwa labala wopindikapindika. Pafupi pake pamakhala handibuleki. Galimoto ikachepetsa liwiro, thirela imakankha, chitsulocho chimalowa mkati n'kukoka zingwe za mabuleki. Palibe magetsi pamenepo. Thirela yotere siifuna brake controller. Mukagula, mwangotaya ndalama.

Yankho lachitatu: ili ndi mabuleki a magetsi. Gwadani, muyang'ane kuseri kwa tayala. Mukaona mawaya awiri akulowa m'dilamu ya buleki, ndiye a magetsi amenewo. Thirela yotereyi ndi imene imafuna kabokosi. Popanda kabokosi, mabuleki ake ndi ogona. Mukhoza kuyenda ulendo wonse mukuganiza kuti muli ndi mabuleki kumbuyo, pamene sanagwirepo n'kamodzi komwe.

Choncho choyamba, dziwani thirela yanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati simukuzindikira, itanani makaniko aone.

Mwina wina akufunsa kuti, "Kodi thirela imayamba kufuna mabuleki ikalemera bwanji?" Pali nambala imodzi yoti muisunge m'mutu: makilogalamu 750. Ku South Africa, ku Britain ndi ku Australia, malamulo amati thirela yoposa pamenepa ikhale ndi mabuleki. Opanga magalimoto nawo amanena zomwezo. Mitundu ina ya Toyota Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max amailemba kuti imakoka makilogalamu 3,500. Nambala imeneyi ndi ya thirela ya mabuleki. Ya thirela yopanda mabuleki ndi 750 basi.

Tiiwerenge m'matumba, kuti imveke bwino. Thumba la chimanga kapena la feteleza ndi makilogalamu 50. Matumba 15 akwana kale 750. Ndipo pamenepo sitinawerengere kulemera kwa thirela yeniyeniyo. Tsono dzifunseni: paulendo wathawu, munakweza matumba angati?

Abale athu amene mumanyamula katundu kuchokera ku Johannesburg, kudzera pa Beitbridge, ku Tete mpaka ku Mwanza, tcherani khutu apa. Lamulo la ku South Africa lili ndi mbali ina. Mabuleki odzigwira okha aja amaloledwa ngati kulemera konse kumene thirela inalembedwa sikuposa kulemera kwa galimoto yokokayo ili yopanda katundu. Ikaposa, pamafunika mabuleki amene dalaivala amawalamula ali pampando wake. Apa ndi pamene ambiri amasankha mabuleki a magetsi ndi kabokosi kake. Za malamulo a dziko limene muli, pitani mukafunse ku ofesi yoona za pamsewu. Musadalire za m'maluwa.

Tsopano tione mmene mabuleki a magetsi amagwirira ntchito. N'zosavuta. Mkati mwa dilamu muli maginito oyendera magetsi. Magetsi akafika, maginitowo amamatirira ku dilamu imene ikuzungulira. Dilamu imawakoka. Iwo amakoka kamkono kachitsulo, ndipo kamkonoko kamatambasula ma shoe kuti akhudze dilamu. Magetsi ochepa, kugwira kochepa. Magetsi ambiri, kugwira kwambiri. Choncho nkhani yonse ili pa mlingo wa magetsi. Ndipo wopima mlingowo ndi kabokosi kaja.

Tafika pa funso lachiwiri. Kabokosi kake kati? Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri.

Mtundu woyamba umayendera nthawi. Pa katoni amalemba kuti time delayed. Mukaponda buleki, nyali zofiira za kumbuyo zimayaka. Kabokosi kamamva kuti nyali zayaka. Kamayamba kutumiza magetsi pang'onopang'ono, n'kumawonjezera mpaka kufika pa mlingo umene munatchera. Kamachita chimodzimodzi nthawi zonse. Kaya mwangokhudza buleki, kaya mwaiponda ndi mphamvu zanu zonse, iko sikasiyanitsa.

Vuto lake mwaliona? Tiyerekeze kuti muli m'tauni, pamzere wa magalimoto. Mukuyenda pang'onopang'ono, phazi lili pa buleki. Kabokosi kafika kale pa mphamvu yonse. Thirela ikugwira mopitirira, ikukukokerani kumbuyo, ma shoe akutha. Tsopano tiyerekeze zina. Muli pa msewu waukulu. Mwana wadumpha msewu mwadzidzidzi. Mwaponda buleki mpaka pansi. Kabokosi kakadali kuwonjezera magetsi pang'onopang'ono. Pa nthawi yochepa imeneyo, pikapu ikulimbana yokha ndi katundu yense. Ubwino wa mtundu umenewu ndi mtengo. Ndi wotsika, ndipo kabokosi kake mukhoza kukamangirira mopendekeka mulimonse.

Mtundu wachiwiri umayendera mmene galimoto ikuimira. Pa katoni amalemba kuti proportional. Mkati mwake muli kachipangizo kamene kamamva kuti liwiro likutsika mofulumira bwanji. Mukaponda pang'ono, thirela imagwira pang'ono. Mukaponda mwamphamvu, thirela imagwira mwamphamvu nthawi yomweyo. Galimoto ndi thirela zimaimira limodzi. Palibe kukankhana, palibe kukokana. Mabuleki a mbali zonse amatha mofanana. Mayina odziwika a mtundu umenewu ndi monga Tekonsha Prodigy ya ku America ndi Redarc Tow-Pro ya ku Australia. Mtengo wake ndi wokwererapo.

Ndiye tisankhe uti? Maganizo anga ndi awa. Ngati mumakoka katundu wolemera, sankhani wachiwiriwu. Ngati mumakoka kawirikawiri, sankhani wachiwiriwu. Ngati njira yanu ili ndi mitsetse, kapena mumanyamula ziweto zimene zimagwa thirela ikagwedezeka, sankhaninso wachiwiriwu. Woyendera nthawi uja ndi wa munthu wokoka thirela yopepukirapo, mwa apo ndi apo, pamtunda waufupi. Ndalama imene mungapulumutse pogula wotchipa ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto. Poyerekeza ndi moyo wa munthu, siwerengeka n'komwe.

Musanatulutse ndalama, yang'ananinso m'galimoto mwanu. Mwina kabokosi kalimo kale. Kampani ya Ford inayamba kuika chipangizochi m'mapikapu ake akuluakulu a Super Duty a chaka cha 2005, galimoto ikuchoka kufakitale. Makampani ena anatsatira. Lero mitundu ina ya Ford Ranger yatsopano imabwera nacho. Muona pa dashibodi timabatani tiwiri, kena kowonjezera, kena kochepetsa, ndi kogwirira kofinya ndi zala. Chobwera ndi galimoto chimakhala chabwino chifukwa chimalankhulana ndi kompyuta ya galimotoyo. Chimadziwa mmene phazi lanu lapondera. Ngati chilimo, werengani buku la galimoto, muphunzire kuchigwiritsa ntchito.

Palinso mtundu wina watsopano, wosafuna kudula mawaya m'galimoto. Chitsanzo ndi Curt Echo. Kamalowetsedwa pakati pa soketi ya galimoto ndi pulagi ya thirela, ndipo mumakatchera pa foni. N'kothandiza kwa munthu wosinthasintha magalimoto. Koma kanapangidwira soketi ya ku America, ndipo soketiyo iyenera kukhala ndi waya wobweretsa magetsi kuchokera ku batire. Komanso taganizirani: pa ngozi, kodi dzanja lanu lipeza msanga chiyani, kogwirira kamene kali pa dashibodi, kapena batani la pa foni?

Tipume pang'ono, tikumbutsane. Choyamba, dziwani mabuleki a thirela yanu. Chachiwiri, ngati ndi a magetsi, sankhani kabokosi koyendera mmene galimoto ikuimira. Chachitatu, onani ngati galimoto yanu ili nako kale.

Tsopano tili m'sitolo. Tifunse chiyani kwa wogulitsa?

Funsani kuti kabokosiko kamakwanitsa ma ekiselo angati. Tayala lililonse la buleki lili ndi maginito ake, ndipo onsewo amadya magetsi. Thirela ya ma ekiselo awiri imadya kuposa ya ekiselo imodzi. Pa katoni amalemba malire ake. Werengani.

Funsaninso za mphamvu ya magetsi. Mabuleki a magetsi a thirela ndi a mavoti 12, ngati mapikapu ambiri. Malole ambiri ndi a 24. Ngati galimoto yanu ndi ya 24, nenani poyera, kuti akupatseni koyenera.

Kenako, thirela zina zazikulu zili ndi mabuleki a mafuta, koma pampu yake imayendera magetsi. Si kabokosi kalikonse kamene kamagwirizana nawo. Ngati yanu ndi yotere, funsani musanalipire.

Ndipo inu a kunyanja, ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhata Bay, amene mumatsitsira boti m'madzi ndi thirela, kumbukirani kuti maginito ndi mawaya sizigwirizana ndi kumizidwa m'madzi. N'chifukwa chake mathirela ambiri a maboti amakhala ndi mabuleki odzigwira okha aja.

Tagula. Tsopano kuika. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi: pitani kwa katswiri wa magetsi a galimoto. Timabokosi tambiri tili ndi mawaya anayi. Wina amatenga magetsi ku batire. Wina ndi wa earth. Wina amamva kuti buleki yapondedwa. Wachinayi, amene nthawi zambiri ndi wa buluu, ndiye amapita ku thirela. Ooneka ochepa, koma kulakwitsa mmodzi kumawononga zambiri. Waya wochokera ku batire akhale wonenepa bwino, ndipo akhale ndi chotetezera chake pafupi ndi batirelo. Waya wowonda amatentha, ndipo magetsi amafika kumbuyo atafooka. Magalimoto a masiku ano ali ndi makompyuta. Kungosenda waya uliwonse wa nyali n'kulumikizapo kukhoza kusokoneza zinthu zina.

Chenjeraninso ndi mapulagi. Pulagi ya mapini 7 ya ku America ndi yosiyana ndi ya ku South Africa kapena ku Ulaya. Ya ku Australia nayonso ndi ina. Mapini akhoza kufanana chiwerengero, ntchito zake n'kukhala zosiyana. Katswiri ayeze pini iliyonse, asangoganiza. Ndipo earth ikhale ya waya weniweni, womangidwa pa chitsulo chopalidwa bwino. Musadalire kuti magetsi adzadutsa pa mpira wokokera. Pamenepo pamakhala girisi, dzimbiri ndi fumbi. Mavuto ambiri a mabuleki a magetsi amayambira pa earth yofooka ndi pulagi yakuda.

Kabokosi kamangidwe molimba, pamalo pamene dzanja lanu lifika osachotsa maso pamsewu. Kasalendewere pa mawaya. Koyendera kaimidwe ka galimoto kaja kakamagwedera, kamamva zabodza. Kena kamafuna kuloza kumene galimoto ikupita. Kena kamadzitchera kokha. Pepala la malangizo limanena. Musalitaye.

Tafika pa mbali imene ambiri amailumpha: kutchera mphamvu. Pa kabokosi pali nambala imene amaitcha gain. Imeneyi ndi mphamvu yaikulu imene kabokosi kangatumize ku thirela. Ikachepa, thirela imakukankhani. Ikachuluka, matayala a thirela amauma n'kumakhukhuluzika pansi. Tayala lokhukhuluzika siliimitsa bwino, limatha mbali imodzi, ndipo limatha kutaya thirela m'mbali. Kumbukirani kuti pikapu yanu mwina ili ndi ABS, yoletsa matayala kuuma. Mathirela ambiri alibe.

Katcheredwe kake ndi aka. Kwezani katundu amene mukuyenda naye. Pezani msewu wowongoka, wouma, wopanda anthu ndi magalimoto. Yendani pang'ono, mukupondaponda buleki kuti mabuleki afunde. Kenako fikani pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola. Chotsani phazi pa moto. Osaponda buleki ya galimoto, finyani kogwirira ka pa kabokosi mpaka kumapeto. Mvetserani. Matayala a thirela alira? Chepetsani nambala. Simunamve kukokedwa kumbuyo? Wonjezerani. Bwerezani mpaka mupeze pamene thirela ikugwira mwamphamvu koma matayala akuzungulirabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musathamangire.

Ndipo mvetsani ichi: nambala imeneyi si ya muyaya. Popita mwanyamula matumba, pobwera thirela ili yopanda kanthu. Nambala ya popita idzaumitsa matayala pobwera. Chepetsani. Mvula yagwa, msewu ukuterera? Chepetsani. Mwachoka pa tala, mwalowa msewu wa miyala kapena wa matope? Chepetsaninso. Katundu akasintha, nambala isinthe. Msewu ukasintha, nambala isinthe.

Tikambeko za kogwirira kofinya ndi zala kaja. Ntchito yake si yoyesera yokha. Ndi kopulumutsira moyo. Munaonapo thirela ikuvina kumbuyo kwa galimoto? Ikupita uku, ikupita uko, ndipo kuvinako kukunka kukula. Zimachitika lole yaikulu ikakudutsani, mphepo ikawomba m'mbali, kapena liwiro likachuluka pamtsetse. Mtima umati pondani buleki. Koma mukaponda buleki ya galimoto mwamphamvu, thirela imakankha kumbuyo kwa pikapu kupita m'mbali, ndipo zonse zikhoza kugubuduzika. Chochita ndi ichi. Gwirani chiwongolero chilunjike. Chotsani phazi pa moto. Finyani kogwirirako pang'onopang'ono, kuti thirela yokha igwire. Ikagwira, imakokera kumbuyo, n'kubwerera pamzere. Mabuleki odzigwira okha aja sangakuchitireni zimenezi. Uwu ndi umodzi wa maubwino aakulu a mabuleki a magetsi.

Yesererani pamalo abata, mpaka dzanja lizolowere. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku la ngozi si tsiku lofunafuna kuti kogwirira kali pati.

Koma thirela ikavina, imani pamalo abwino mufufuze chifukwa. Kawirikawiri ndi kapakiridwe. Katundu wolemera akakhala kumbuyo kwa ekiselo, mphuno ya thirela imapepuka, ndipo kuvina kumayamba. Wolemera akhale pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Ku America amalangiza kuti mphuno isenze gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse, kapena kuposerapo pang'ono. Koma musapyole malire amene analembedwa pa chitsulo chokokera. Mangani katundu asasunthe. Pimani mpweya wa matayala.

Pali chinthu china chimene chimayenda limodzi ndi mabuleki a magetsi. Bwanji thirela itamasuka pamsewu? Mawaya aduka, magetsi a galimoto sakufikanso. Ndani aiimitse? Pa chifukwa chimenechi, pamphuno pa thirela pamakhala kaswitchi kokhala ndi kapini, ndi batire laling'ono. Kachingwe kachitsulo kamachoka pa kapiniko kukamangidwa ku galimoto. Thirela ikamasuka, kachingwe kamazula kapini, batire lija limatumiza magetsi onse ku mabuleki, thirela n'kuima. Ku Australia, thirela yoposa matani 2 iyenera kukhala ndi chipangizo chimenechi. Kachingweko kamangidwe ku thupi la galimoto, osati pa mpira wokokera, chifukwa mpirawo ukathyoka upita nako. Ndipo batire laling'onolo likhale ndi moto. Lakufa silipulumutsa munthu. Matcheni otetezera nawo amangidwe nthawi zonse.

Tisanatseke, ndinene zimene kabokosi aka sikangachite. Sikawonjezera mphamvu ya galimoto yanu. Malire a kulemera amene wopanga analemba amakhala omwewo. Sikakonza ma shoe otha. Sikakonza maginito operepeseka. Mabuleki a dilamu ambiri amafuna kusendezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo mabering'i amafuna girisi. Sikalowanso m'malo mwa giya. Pamtsetse, lamulo la madalaivala akale likadalipo: giya imene mungakwerere phirilo ndi yomwe mutsikire nayo. Lolani injini igwire galimoto. Buleki muziiponda mwamphamvu pang'ono n'kuisiya, kuti ipume. Musagoneke phazi pamenepo kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Ndipo liwiro, abale anga. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Ndi thirela kumbuyo, siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo. M'misewu yathu timayenda ndi a njinga za kabaza, ana a sukulu, amayi osenza mitolo, mbuzi ndi ng'ombe. Onsewa sadziwa zimene mwakoka kumbuyo. Akudalira inu. Kuthamanga si kufika.

Kwa inu owotcherera mathirela, ndili ndi pempho. Kasitomala akabwera kufuna thirela yaikulu, muuzeni za mabuleki. Ma ekiselo okhala ndi mabuleki amagulitsidwa. Mtengo udzakwera, inde. Koma dzina lanu lidzakwera nawo. Kwa inu eni magalimoto amene mumatuma anyamata pa ulendo, musawapatse thirela yolemera yopanda mabuleki n'kumati adzaona okha. Ngozi ikachitika, pepani sapoletsa chilonda.

Tiyeni tsopano timange mtolo. Thirela yolemera iziima ndi mabuleki akeake. Gwadani muone mtundu wa mabuleki amene ili nawo. Ngati ndi odzigwira okha, kabokosi sikafunika, koma asamalireni. Ngati ndi a magetsi, kabokosi n'kofunika, ndipo koyendera mmene galimoto ikuimira ndiko kabwino. Kaikidwe ndi katswiri. Nambala itcheredwe pa katundu aliyense ndi pa msewu uliwonse. Dzanja lidziwe pamene pali kogwirira.

Mawa m'mawa, musanayambe ulendo, chitani ichi. Lumikizani thirela. Onani nyali zonse. Yendani pang'ono pabwalo, mufinye kogwirira. Mukamva thirela ikukukokerani kumbuyo, nyamukani ndi mtima wokhazikika. Mukapanda kumva kanthu, musanyamuke. Itanani makaniko. Katundu akhoza kudikira tsiku limodzi.